Chitsime cha M'kamwa Chikaphwa

Azakhali anga, alongo awo a bambo, sadya nsima popanda kapu ya madzi pambali. Amatema mbamu, kuiviika mu msuzi mpaka ifewe, kuiponya m'kamwa, kenako n'kumwera madzi kuti itsike. Mtedza wokazinga anausiya kalekale. Chimanga chootcha, chimene kale ankachikukuta mpaka kutsala chitsononkho, masiku ano amangochiyang'ana. Kutchalitchi anasiya kuyambitsa nyimbo chifukwa lilime limawakakamira ndime yoyamba isanathe. Usiku amadzuka kawiri kapena katatu kufufuza botolo la madzi limene amagona nalo kumutu.

Tsiku lina ndinawaperekeza kuchipatala. Amene anawaona anasuzumira m'kamwa mwawo mwachangu n'kunena kuti, "Mayi, palibe vuto apa. Muzingomwa madzi ambiri." Tili m'minibasi pobwerera, azakhali anandiyang'ana n'kuti, "Mwanawe, madziwo ndikumwa. Koma ili si ludzu."

Ntchito yanga ndi yomasulira, choncho mawu akandikhala pamtima ndimawalondola. Nditayamba kuwerenga za vutoli ndinapeza kuti dandaulo la azakhali lili ndi mbiri yaitali. Kwa zaka pafupifupi 150 madokotala akhala akulimbana ndi zinthu ziwiri: kubwezeretsa malovu m'kamwa mouma, ndi kuphunzira kukhulupirira munthu akamanena kuti m'kamwa mwake mwauma. Ntchito yachiwiriyi ndi imene inachedwa kwambiri.

Madzi amene sitiwawerengera

Akuluakulu amati chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa. Malovu ndi otero. Timawagwiritsa ntchito ponyowetsa ulusi kuti ulowe pa singano ndiponso powerenga ndalama zamapepala, koma sitiwaganizira. Munthu wamkulu wathanzi amatulutsa malovu okwana theka la lita mpaka lita imodzi ndi theka pa tsiku. Pa magawo 100 alionse a malovu, pafupifupi 99 ndi madzi. Kagawo kotsalako ndi kamene kali ndi ntchito yaikulu: kamaterereretsa chakudya kuti chimezeke, kamasungunula zokometsera kuti lilime lizimve, kamachepetsa asidi amene tizilombo ta m'kamwa timapanga tikadya shuga, kamabwezera m'mano mchere wa calcium ndi phosphate umene asidiyo wakokolola, ndiponso kamalimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda.

Malovu ambiri amachokera m'tiziwalo tikulutikulu tisanu ndi kamodzi, titatu mbali iliyonse ya nkhope. Tiwiri tili kutsogolo kwa makutu, ndipo ndi timene timatupa mwana akadwala matsagwidi. Tiwiri tili kunsi kwa nsagwada, tiwiri tina pansi pa lilime. Palinso tina mazanamazana tating'ono kwambiri tomwazikana m'milomo, m'masaya ndi kumwamba kwa m'kamwa.

Ku Ulaya zimenezi zinadziwika pang'onopang'ono. Mu 1656 Thomas Wharton wa ku England anafotokoza kanjira kamene malovu amadzera kuchokera kunsi kwa nsagwada. Mu 1660 mnyamata wa ku Denmark, Niels Stensen, akuphunzira ku Amsterdam, anatumbula mutu wa nkhosa n'kupeza kanjira kochokera kutsogolo kwa khutu kukatulukira m'tsaya. Mu 1831 Erhard Leuchs wa ku Germany anasonyeza kuti malovu amasandutsa sitachi kukhala shuga, chimene aliyense amene anatafunapo chinangwa kwa nthawi yaitali amachidziwa ndi lilime lake. Ivan Pavlov wa ku Russia, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1904 chifukwa cha kafukufuku wa kagayidwe ka chakudya, ankatapa malovu a agalu n'kumawayeza dontho ndi dontho. Mu 1922 Alexander Fleming anapeza lysozyme, chinthu chosungunula mabakiteriya ena, chimene chimapezeka m'mamina, m'misozi ndi m'malovu. Pofika nthawi imeneyo akatswiri ankadziwa zambiri za malovu akakhalapo. Za munthu amene malovu amuthera ankadziwa zochepa.

Mayi wa ku London ndi tsamba la ku Brazil

Mu 1888 dokotala wina wa ku London, W. B. Hadden, anafotokozera anzake za mayi wa zaka 65 amene m'kamwa mwake munauma kotheratu. Lilime lake linali lofiira, long'aluka ponseponse, ndipo Hadden analiyerekeza ndi chikopa cha ng'ona. Mayiyo ankavutika kumeza, ndipo akafuna kulira misozi sinkatuluka. Ndi m'zolemba za madokotala a ku London a nthawi imeneyi mmene munayamba kuoneka dzina lakuti xerostomia, lopangidwa ndi mawu awiri a Chigiriki otanthauza kuuma ndi kamwa. Hadden anam'patsa mayiyo mankhwala amadzi ochokera ku masamba a jaborandi, ndipo anapezako bwino.

Jaborandi ndi chitsamba cha ku Brazil. Eni nthaka a kumeneko, olankhula zinenero za Tupi ndi Guarani, ankachidziwa kale kwambiri, ndipo dzina limene anachipatsa limanena ntchito yake: chimene chimakhetsa dovu. Cha m'ma 1873 ndi 1874 dokotala wa ku Pernambuco, Symphronio Coutinho, anapita ndi masamba ake ku Paris. Madokotala a kumeneko anadabwa kuona odwala akutuluka thukuta ndi malovu ochuluka atangomwa madzi a masambawo. Mu 1875 akatswiri awiri, Hardy ku Paris ndi Gerrard ku London, aliyense payekha, anapatula m'masambamo mankhwala enieni ogwira ntchitoyi, amene anatchedwa pilocarpine.

Patapita zaka zitatu, John Newport Langley wa ku Cambridge anayesa pilocarpine pamodzi ndi mankhwala ena otchedwa atropine pa kachiwalo kotulutsa malovu ka mphaka. Anaona kuti pilocarpine amatsegula malovu, atropine amawatseka, ndipo mankhwala awiriwa amalimbirana malo amodzi. Anaganiza kuti m'thupi muyenera kukhala chinthu chimene onse awiri amagwirako. Ganizo limeneli linadzakhala maziko a sayansi ya mmene mankhwala amagwirira ntchito, ndipo ndi limene limatithandiza lero kumvetsa chifukwa chake mapiritsi ambiri amaumitsa m'kamwa. Amakhala pakhomo pomwe pankagwira atropine, uthenga wa mitsempha n'kulephera kufika.

Chodabwitsa n'chakuti pilocarpine sanatchuke chifukwa cha malovu. Madokotala a maso anapeza kuti amatsitsa kupanikizika kwa madzi m'diso, ndipo kwa zaka pafupifupi 100 anali mankhwala odalirika a nthenda ya glaucoma. Masamba ankathyoledwa m'tchire ndi anthu osauka a m'madera a Maranhão, Piauí ndi Pará n'kumagulitsidwa ku makampani a mankhwala, mpaka mu 1992 boma la Brazil linaika jaborandi pa mndandanda wa zomera zimene zili pangozi yotha. Odwala ouma m'kamwa anadikira zaka zoposa 100 kuchokera pa mayi wa Hadden kuti mankhwala omwewo ayesedwe bwinobwino pa vuto lawo.

Amayi 19 a ku Sweden

Kuchedwako kunali ndi chifukwa. Kuuma m'kamwa sikupha msanga, sikutulutsa magazi, ndipo ambiri odandaula anali amayi achikulire, anthu amene madandaulo awo ankatengedwa mopepuka.

Dokotala wa maso wa ku Stockholm, Henrik Sjögren, anawamvetsera. Anaona kuti amayi ena obwera ndi maso ouma, othetha ngati mwalowa mchenga, analinso ouma m'kamwa, mano awo akubowoka, ndipo ambiri anali ndi nyamakazi. Ena anali atafotokozapo kale zofanana ndi zimenezi, monga Henri Gougerot wa ku France mu 1925, koma Sjögren anasonkhanitsa umboni mwadongosolo. Mu 1933 analemba kafukufuku wa digiri yake m'Chijeremani, wofotokoza amayi 19, ndipo 13 mwa iwo anali ndi nyamakazi. Omuyesa sanakhutire. Anam'patsa magiredi osakwanira kuti akhale mphunzitsi wa payunivesite, ndipo iye anapita kukagwira ntchito pachipatala cha m'tauni ya Jönköping.

Chimene chinapulumutsa ntchito yake ndi kumasulira. Mu 1943 dokotala wa maso wa ku Australia, Bruce Hamilton, anaimasulira m'Chingerezi, ndipo kuchokera pamenepo inayamba kuwerengedwa m'mayiko ambiri. Lero nthendayi imadziwika ndi dzina la Sjögren. Zinadzadziwika kuti chitetezo cha m'thupi chimaukira tiziwalo ta misozi ndi ta malovu, ndiponso kuti pa odwala 10 alionse, pafupifupi 9 ndi akazi. Monga womasulira, nkhani imeneyi ndimaikonda ndipo imandiopsa. Kwa zaka 10 zimene amayi 19 aja ananena zinali zitalembedwa kale, koma m'chinenero chimene madokotala ambiri sankawerenga.

Kuchiza khansa, kuumitsa kamwa

Gulu lachiwiri la odwala linabadwa ndi chithandizo chenichenicho. Wilhelm Röntgen atatulukira cheza cha X-ray mu 1895, madokotala anayamba kuwotcha nacho zotupa za khansa. Pa khansa ya m'kamwa, ya lilime ndi ya kummero, chezacho chimadutsa m'tiziwalo ta malovu, timene sitichedwa kuwonongeka. M'mlungu woyamba wokha malovu amatha kutsika ndi theka, ndipo chithandizo chonse chimatenga milungu 6 kapena 7. Ambiri amene khansa yawo inatha anatsala ndi m'kamwa mouma moyo wawo wonse. Malovu ochepa otsalawo ankakhala olimba, onanda ngati ulimbo. Mano ankawola mofulumira, makamaka m'munsi pafupi ndi nkhama, mpaka kuthyoka. Kwa nthawi yaitali njira yodziwika inali yozula mano chithandizo chisanayambe.

Apa ndi pamene madokotala a mano analowerera kwambiri. Ku Houston, m'dziko la America, Samuel Dreizen, Thomas Daly ndi anzawo anasonyeza mu 1977 kuti wodwala akamapaka mano ake mankhwala a fluoride tsiku lililonse, pogwiritsa ntchito kachikombole kopangidwa molingana ndi mano akewo, kuwolako kumapeweka kwambiri. Zimenezi zinapulumutsa mano ambiri, ngakhale kuti kuumako kunatsala.

Ena anayesa kupanga malovu m'fakitale. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 ku Germany anapanga madzi otelera pogwiritsa ntchito carboxymethylcellulose, ndipo ku Groningen, m'dziko la Netherlands, anapanga ena okhala ndi mucin, chinthu chonanda chochokera ku nyama. Ena mwa malovu opangawa amatengera mucin wawo m'chifu cha nkhumba, zimene zimachititsa kuti Asilamu, Ayuda ndi ena osadya nkhumba asawagwiritse ntchito. Onsewo amathandiza kwa kanthawi kochepa, chifukwa munthu akameza, apita.

Kenako ofufuza anabwerera ku tsamba la ku Brazil lija. Mu 1993 magazini ya New England Journal of Medicine inafalitsa kafukufuku wa Jonas Johnson ndi anzake pa odwala 207 amene anawotchedwapo khansa ya kumutu ndi m'khosi. Ena anapatsidwa mapiritsi a pilocarpine, ena mapiritsi ooneka chimodzimodzi koma opanda mankhwala. Mwa omwa mamiligalamu 5 katatu pa tsiku, 44 pa 100 alionse ananena kuti kuuma kwachepa, poyerekeza ndi 25 pa 100 mwa omwa mapiritsi opanda kanthu aja. Vuto lalikulu linali thukuta, lomwe lija linadabwitsa madokotala a ku Paris. Mu 1994 bungwe loona za mankhwala ku America linavomereza mapiritsiwa kwa odwala otere, mu 1998 linawavomerezanso pa nthenda ya Sjögren, ndipo mu 2000 linavomereza mankhwala ena ofanana nawo otchedwa cevimeline. Mankhwala onsewa amakama kachiwalo kamene katsalako ndi moyo. Pamene kafa kotheratu alibe chochita.

N'chifukwa chake kupambana kwakukulu kunabwera popewa kuwononga. Makina atsopano oyendetsedwa ndi kompyuta amatha kulunjika cheza pa chotupa n'kulambalala tiziwalo ta kutsogolo kwa makutu. Mu 2011 Christopher Nutting ndi anzake ku Britain anafalitsa zotsatira za odwala 94. Patatha chaka, 74 pa 100 alionse mwa owotchedwa m'njira yakale anali ndi kuuma kwakukulu, pamene mwa owotchedwa m'njira yatsopano anali 38 pa 100. Chaka chomwecho bungwe la Cochrane linasanthula kafukufuku 36 wa mankhwala opopera, otsukira ndi opaka m'kamwa, wokhudza anthu pafupifupi 1,600, ndipo linapeza kuti panalibe umboni wamphamvu woti pali amene amathetsa vutoli. Chingamu chopanda shuga chimachulukitsa malovu mwa amene tiziwalo tawo tikugwirabe ntchito, koma sichinaoneke kuti chikuposa malovu opanga aja.

Kapu yoyezera ndi funso

Tikabwerera pa kafukufuku wa 1993 uja, tiona kuti chimene anawerenga kwenikweni ndi mawu a odwala, amene ananena okha ngati apezako bwino. Zimenezi sizinali za masiku onse m'mbiri ya udokotala wa mano. Kuyambira mu 1938, pamene Klein, Palmer ndi Knutson anakhazikitsa njira yowerengera mano owola, ochoka ndi omatidwa, thanzi la m'kamwa linkayezedwa ndi manambala a mano. Malovu nawo anali ndi muyezo wake. Munthu amakhala phee kwa mphindi zingapo akudonthezera malovu m'kapu. Wathanzi amatulutsa pafupifupi mamililita 0.3 kapena 0.4 pa mphindi, ndipo amene sapitirira 0.1 amaonedwa kuti tiziwalo take tafooka.

Vuto linali lakuti kapu ndi munthu sankagwirizana. Mu 1987 Colin Dawes wa ku Canada anapatsa anthu athanzi mankhwala oumitsa m'kamwa n'kupeza kuti munthu amayamba kumva kuuma malovu ake akatsika ndi pafupifupi theka la mlingo wake wa nthawi zonse. Choncho amene mwachibadwa amatulutsa malovu ambiri akhoza kumavutika kwambiri pamene kapu ikusonyeza kuti ali bwino. Mu 1999 Murray Thomson ndi anzake anafalitsa zimene anapeza mwa okalamba a ku South Australia. Pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse ankadandaula za kuuma m'kamwa, ndipo pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse anali ndi malovu ochepa pa muyezo. Koma amene anali ndi zonse ziwiri anali pafupifupi 6 pa 100 okha. Ambiri odandaula kapu inawakana, ndipo ambiri amene kapu inawaloza sankadandaula. Masiku ano ofufuza amasiyanitsa zinthu ziwirizi: kuchepa kwa malovu, kumene amayeza, ndi kumva kuuma, kumene amafunsa mwini wake.

Kufunsako kunafunika zida zake. Bungwe la World Health Organization linali litanena kale, m'malamulo ake amene anayamba kugwira ntchito mu 1948, kuti thanzi limaphatikizapo kukhala bwino m'thupi, m'maganizo ndi pakati pa anthu. Madokotala a mano anatenga nthawi kuti atsatire. Mu 1976 Lois Cohen ndi John Jago anapempha kuti pakhale miyezo yoona mmene matenda a m'kamwa amakhudzira moyo wa munthu. Mu 1988 David Locker, amene ankagwira ntchito ku Toronto, anayala ndondomeko yosonyeza mmene nthenda ya m'kamwa imayambira pa ululu ndi kulephera kutafuna mpaka kufika pa kudzipatula kwa anthu. Mu 1990 Kathryn Atchison ndi Teresa Dolan anakonza mafunso 12 a okalamba.

Chida chimene chafala kwambiri chinachokera ku Adelaide mu 1994. Gary Slade ndi John Spencer anacheza ndi odwala 64 n'kulemba ziganizo 535 zimene odwalawo ananena za mavuto awo. Anazisefa mpaka kutsala ndi mafunso 49, amene amatchedwa Oral Health Impact Profile. Mu 1997 Slade anawafupikitsa kukhala 14. Amafunsa ngati munthu wavutika kutchula mawu, ngati chakudya chasiya kukoma, ngati wadukiza chakudya pakati, ngati wachita manyazi, ngati wakwiyira anthu ena, ngati walephera ntchito zake. Mu 1999 Thomson anawonjezera mafunso 11 okhudza kuuma kokha, monga ngati munthu amamwera madzi kuti ameze, ngati amadzuka usiku kuti amwe madzi, ngati amavutika ndi zakudya zouma, ndiponso ngati amayamwa maswiti kuti anyowetse m'kamwa.

Mafunsowa atayamba kugwiritsidwa ntchito, kuuma m'kamwa kunaoneka kukula kwake. Ku Dunedin, m'dziko la New Zealand, ofufuza akhala akutsatira anthu oposa 1,000 obadwa mu 1972 ndi 1973. Atafika zaka 32, mmodzi mwa 10 alionse ananena kuti m'kamwa mwake mumauma kawirikawiri, ndipo anthu amenewa ndi amene anasonyeza kuvutika kwambiri pa mafunso 14 aja, ngakhale ofufuza ataganizira za mano owola ndi ochoka. Zinadziwikanso kuti ukalamba pawokha si umene umaumitsa kwambiri. Chimene chimachulukitsa vutoli mwa okalamba ndi mankhwala. Pali mitundu mazana angapo ya mankhwala imene imaumitsa m'kamwa, ndipo munthu akamamwa mitundu yambiri nthawi imodzi, vuto limakula.

Funso m'chinenero cha wodwala

Mbiri imeneyi inachitikira ku Ulaya, ku America ndi ku Australia, koma zoyambitsa zake zili pakati pathu. Amitriptyline, amene amaperekedwa pa kuwotcha ndi dzanzi la m'miyendo, amaumitsa m'kamwa. Chimodzimodzi chlorpheniramine wa chimfine ndi ziwengo, mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi okodzetsa, ndi ena a matenda a maganizo. Shuga wosalamulirika amaumitsa. HIV imatha kutupitsa tiziwalo ta kutsogolo kwa makutu, makamaka mwa ana, ndipo World Health Organization inaika kutupa kumeneku pa zizindikiro zoonera mmene matendawa afikira mwa mwana. Pamene mayiko a kuno akuwonjezera malo owotchera khansa, opulumuka okhala ndi m'kamwa mouma achulukanso.

Mafunso aja akafika kuno, amayamba adutsa m'manja mwa womasulira. Njira yodziwika ndi yakuti wina amamasulira, wina amene sanaone mafunso oyambirira amabwezera m'Chingerezi, kenako amayerekeza n'kukayesa pa anthu. Ku Tanzania zinachitika. Mu 2006 Irene Kida ndi anzake anafalitsa zotsatira za mafunso 8 omasuliridwa m'Chiswahili, ochokera pa chida chimene Supreda Adulyanon ndi Aubrey Sheiham anayamba kuchiyesa ku Thailand. Anafunsa anthu oposa 1,000 a zaka 50 kupita m'tsogolo ku Dar es Salaam ndi m'chigawo cha Pwani, ndipo oposa theka ananena kuti vuto la m'kamwa lasokonezapo china pa moyo wawo wa tsiku ndi tsiku, makamaka kudya.

Ndinayesa ndekha kuika mafunso 11 a Thomson m'Chichewa kuti ndiwafunse azakhali, ndipo ndinapunthwa pa mzere woyamba. Kwathu munthu akati kukhosi kwauma, tonse timamva kuti ali ndi ludzu. Ndikafunsa mosasamala, ndilandira yankho la ludzu, limene azakhali analikana kale m'minibasi muja. Mayankho asanu amene wodwala amasankhapo amakwera ngati makwerero, kuyambira pa "sizichitika" mpaka pa "zimachitika kwambiri". Koma ndani angandiuze motsimikiza kuti pakati pa "mwa apo ndi apo" ndi "nthawi zina", kapena pakati pa "kawirikawiri" ndi "pafupipafupi", chachikulu n'chiti? Funso la zakudya zouma limabweretsa bisiketi m'maganizo a wolemba wake. Kwa azakhali liyenera kutchula chimanga chokazinga, mtedza ndi mbatata yootcha. Funso la maswiti limayesa kuti munthu ali ndi ndalama ya maswiti. Ndipo pali ulemu wathu: munthu wamkulu akafunsidwa ndi mwana wonyamula pepala ngati amachita manyazi ndi m'kamwa mwake, amayankha kuti ali bwino.

Slade ndi Spencer anayamba ndi kumvetsera odwala 64 asanalembe funso ngakhale limodzi. Womasulira amene angotembenuza mafunso awo popanda kukhala pansi ndi odwala a kwawo watenga zotsatira za njirayo n'kusiya njira yeniyeniyo. Akanayambira pa khonde la azakhali, pakanakhala funso la kuimba, la kudya m'mbale imodzi ndi anthu pamaliro, la kuyenda mtunda wautali wopita kumunda popanda madzi. Ku Malawi maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba mu 2019 ku College of Medicine, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Madokotala amene akutuluka kumeneko adzafunsa odwala awo m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'Chisena, ndipo mawu amene adzasankhe ndi amene adzatsimikize ngati vutoli lidzaoneke m'mabuku a chipatala.

Ulendo wachiwiri tinapita ndi azakhali kwa dokotala wina, titanyamula mapiritsi awo onse m'kajumbo. Iye anawayala patebulo n'kufunsa kuti, "Amayi, mukamadya nsima, mumamwera madzi kuti itsike?" Azakhali anandiyang'ana kaye, kenako anayamba kufotokoza, ndipo anafotokoza kwa nthawi yaitali. Mwa mitundu inayi ya mankhwala amene ankamwa, iwiri inali yodziwika kuti imaumitsa m'kamwa. Dokotalayo anawachenjeza kuti asasiye okha mankhwala alionse. Anachepetsa mlingo wa amodzi, anasintha ena, anawayeza shuga, n'kuwatumiza kwa dokotala wa mano, amene anapeza mano atatu atayamba kuwola m'munsi. Anawauza kuti azitsuka ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride kawiri pa tsiku, achepetse shuga mu tiyi, ndipo asamanyowetse m'kamwa ndi maswiti kapena zakumwa zotsekemera.

M'kamwa mwawo simunabwerere mwakale. Botolo la madzi likadali kumutu kwa bedi, ndipo chimanga chootcha sanachiyambirenso. Koma tsopano amadzuka kamodzi usiku, ndipo mwezi wathawu msuweni wanga anandiimbira foni kundiuza kuti Lamlungu lina azakhali anayambitsa nyimbo n'kuimaliza ndime zonse.